Lipoti la ulendo wa ku njanji ya Ffestiniog

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kuti ndikakumane ndi anthu ongodzipereka amene amasamalira maluwa ndi malo ozungulira masiteshoni a njanji ya Ffestiniog, kumpoto kwa Wales, ndi kukaona ngati gulu lathu la Amalawi okhala kuno ku Britain lingathandizeko. Yankho langa ndi lakuti tingathe, koma osati monga tinkaganizira pa msonkhano wapitawu, zoti tipite tonse tsiku limodzi nyengo yotentha kukabzala maluwa.

Njanjiyi inatsegulidwa mu 1836 kuti izitsitsa miyala ya sileti yofolera nyumba kuchokera ku migodi ya Blaenau Ffestiniog kupita ku doko la Porthmadog, mtunda wa makilomita pafupifupi 22. Itatsekedwa mu 1946, sipanapite zaka zambiri tchire linaimeza, moti amene anadzipereka kuitsitsimutsa anayamba ndi kugwetsa mitengo ndi kulambula zitsamba, sitima yonyamula anthu n'kudzayendanso mu 1955. Mpaka lero tchirelo likangopatsidwa mpata limabwerera, ndipo ntchito yaikulu ya amene ndinakumana nawo yagona pamenepo.

Maluwa alipo ndithu, ndipo ndi okongola. Pa siteshoni ya Minffordd ndi ya Tan-y-Bwlch alendo amatsika n'kupeza mabedi opaliridwa bwino, kapinga wotchetchedwa ndi mipanda yosadzidwa. Koma ntchito imeneyi ili kale ndi eni ake, ambiri mwa iwo achikulire amene akhala akuigwira kwa nthawi yaitali, ndipo sichingakhale chaulemu kuti ife obwera tikawalande makasu. Kumene manja akuchepa ndi ku ntchito yolemetsa imene mlendo saiona.

Dera limeneli limalandira mvula yambiri, choncho ngalande za m'mbali mwa njanji zikadzaza masamba ndi matope madzi amafewetsa nthaka imene njanji yakhalapo. Nyengo youma ikafika vuto limakhala moto, chifukwa injini za nthunzi zimalavula mbaliwali, ndipo udzu wouma wosasengedwa suchedwa kuyaka. Chiopsezochi ndi chimene chinachititsa kuti kuyambira m'ma 1970 injini za njanjiyi zikhale zaka zambiri zikuyendera mafuta, zisanabwerere ku malasha.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chitsamba chotchedwa rhododendron. Anthu olemera a kale, kuphatikizapo eni migodi ya sileti, ankachibzala pa nyumba zawo chifukwa cha maluwa ake, koma chinathawira m'nkhalango, kumene chimachita mthunzi wandiweyani moti mbande za mitengo yachilengedwe sizimera. Amene anaona mmene namasupuni amatsekera mtsinje wa Shire amvetsa zimene ndikunena. Kuchidula kokha sikukwanira, pakuti chitsa chimaphukiranso, ndipo pamafunika kuchizula kapena kuchithira mankhwala, kenako kubwereranso chaka ndi chaka kudzazula mphukira. Ntchito yotereyi imalira anthu amphamvu ndi okhulupirika pobwera, ndipo achinyamata athu angaikwanitse.

Nthawi yake si yosankha ife. Lamulo la mu 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kuwononga zisa zimene mbalame zikugwiritsa ntchito, motero kudula mitengo ndi zitsamba kumachitika makamaka m'miyezi yozizira, pamenenso sitima zimayenda mwa apo ndi apo. Tidziwiretu kuti kudzakhala kuzizira ndi mvula, ndipo aliyense adzafunika nsapato zolimba ndi chovala cha mvula. Palibenso amene amaloledwa kugwira ntchito pafupi ndi njanji asanaphunzitsidwe za chitetezo, ndipo malangizo a wotsogolera ntchito tidzayenera kuwatsata onse.

Choncho ndikupempha kuti tisankhe kagulu kochepa ka anthu amene angalonjeze kupita mobwerezabwereza kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, m'malo mwa chikhamu cha tsiku limodzi chimene chingangowatopetsa otilandira. Ku Minffordd kuli nyumba yogona anthu ongodzipereka, zimene zingatichepetsere ndalama. Komiti itithandize pa msonkhano ukubwerawu kulemba maina a ofuna kupita ndi kugwirizana za ndalama ya mayendedwe, kuti ndithe kuwayankha anzathuwo nyengo yodula isanayambe.