Lipoti la maphunziro a bridge: nkhani ya slam

A Tcheyamani ndi mamembala anzanga, zikomo ponditumiza ku maphunziro a bridge, masewera athu a makhadi. Tinakambirana zambiri, koma chimene chinatenga nthawi yaitali ndi slam, makamaka funso la 4NT lomwe ife kuno timalikonda mopyola muyeso.

Aphunzitsi anayamba ndi zomwe tonse timadziwa. Slam yaing'ono ndi kulonjeza ndi kutenga ma trick 12 (trick ndi makhadi anayi oponyedwa ulendo umodzi, aliyense khadi limodzi), yaikulu onse 13. Ku notrump (NT, kusewera popanda trump, mtundu wa makhadi woposa mitundu ina) mumafunika mapointi a makhadi akuluakulu pafupifupi 33 awiri inu kuti mufike 6NT, ndipo 37 pa 7NT. Bonasi ya yaing'ono ndi 500, kapena 750 ngati muli vulnerable (pamene mabonasi ndi zilango zimakhala zazikulu), n'chifukwa chake mtima umathamanga.

Kenaka anafika pa Blackwood, njira yofunsira mnzanu kuchuluka kwa ma ace ponena 4NT, imene Easley Blackwood anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1930. Mfundo yawo inali yakuti 4NT si khomo lolowera mu slam ayi. Ntchito yake ndi kukuletsani kulowa mu slam pamene ma ace awiri ali kwa adani. Ngati simunaone kale kuti ma trick 12 alipo, kudziwa kuchuluka kwa ma ace sikukuthandizani kanthu.

Anatipatsa dzanja ili: ♠ A K Q 7 4 2, ♥ 8 3, ♦ A K 5, ♣ K 4. Mwatsegula 1♠, mnzanu wakweza 3♠. Ambiri m'chipindamo tinalumphira 4NT. Mnzanu wayankha kuti ali ndi ace imodzi, koma iti? Ikakhala ya clubs, adani akhoza kutenga ace ndi king ya hearts musanagwire n'komwe khadi, slam yagwa. Choyenera ndi kunena 4♣, kusonyeza kuti clubs mwaigwira, ndi kudikira. Mnzanu akanena 4♥, pitirirani. Akabwerera ku 4♠, khalani pomwepo. Chimodzimodzi mukakhala ndi void, kutanthauza kuti mulibe khadi lililonse la mtundu wina: musafunse ma ace, chifukwa ace ya mtundu umene mulibe ingokusokonezani.

Za Gerber, kufunsa ma ace ndi 4♣, anangodutsapo. Anati muzigwiritsa ntchito pokhapokha mnzanu atatsegula 1NT kapena 2NT, apo ayi mkangano suchedwa.

Pa Roman Key Card, mtundu wina wa Blackwood, ndiye panali phokoso. Makhadi ofunika amakhala asanu: ma ace anayi ndi king ya trump. M'njira ya 1430, 5♣ ndi imodzi kapena inayi, 5♦ palibe kapena atatu, 5♥ awiri opanda queen ya trump, 5♠ awiri ndi queen. Ena amatembenuza mayankho awiri oyambawo, yomwe amati 3014. Ine ndaikonda 1430, koma kunena zoona, chachikulu n'chakuti awiri mugwirizane musanakhale pa tebulo. Kuno kwathu ndaonapo anthu akusewera limodzi, wina 1430 wina 3014, osadziwa.

Ndikupempha komiti kuti pa masewera athu a Lachinayi tipatule theka la ola tiziyeserera cue bid (kusonyeza mtundu umene mwaugwira, monga 4♣ ija) tisanayambe, komanso aliyense alembe pa khadi lake la mgwirizano njira imene akutsata. Mapepala a manja omwe tinaphunzira ndawasiya kwa mlembi, amene akufuna akajambulitse.