Kodi nditenthe kope langa kuti banja likhale pamtendere?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36, ndili pabanja zaka 12 ndipo Mulungu adatidalitsa ndi ana atatu. Ndimaphunzitsa Chichewa pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Nkhotakota, kufupi ndi nyanja ya Chia. Bambo a kunyumba amachita geni ya nsomba, amapikula usipa ndi chambo n'kukagulitsa ku Lilongwe. Ndinene poyambirira kuti si munthu wankhanza. Sadandikwezerepo dzanja, ndipo ana sagona ndi njala. Koma lero tikutha sabata yachitatu tikungopatsana moni ngati anthu okumana pa depoti, ndipo gwero lake ndi nkhani yomwe ndidalemba ndekha.

Zidayambira m'kalasi. Tinkakambirana za apangankhani, mtsikana wina wa Fomu 3 n'kukweza dzanja. Adati, "Madamu, bwanji m'nkhani zomwe timawerengazi mkazi wabwino amakhala amene wakhala chete?" Anzake adaseka. Ine ndidamuyankha zongoti nthawi ithe, koma usiku umenewo tulo sitidabwere.

Ndidayamba kukumbukira akazi onse omwe ndakumana nawo m'mabuku, m'nthano za kumadzulo ndi m'masewero a pawailesi kuyambira ndili mwana. Azakhali, ambiri mwa iwo ndi anthu awiri okha ongosintha mayina. Woyamba ndi mayi wopirira. Mwamuna wake wapita ku Joni kapena walowerera m'tauni, iye watsala ndi khasu ndi ana, sadandaula, safunsa za ndalama, akamenyedwa amauza anthu kuti wagwa pachitsime. Pamapeto mwamuna uja amabwera atadwala, m'thumba mulibe kanthu, mayiyo n'kumufunditsira madzi osamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Wachiwiri ndi mkazi wowononga: wa m'tauni wopaka milomo amene amadya malipiro a mwamuna wa mwini, mayi wopeza womana ana nsima, wapamitala wothira kondaine m'ndiwo. Ameneyu mathero ake ndi misala kapena manda. Banja likasowa mwana, chala chimaloza mkazi. Mwamuna m'nkhani zimenezi amaloledwa kuyenda, kulakwa, kuphunzira ndi kukhululukidwa. Mkazi amangopatsidwa mwayi wodikira.

Sindikunyoza olemba athu. Mabuku awowo ndiwo adandipangitsa kukonda chiyankhulo changa, ndipo kupirira komwe amalembako n'kwenikweni, ndakuona ndi maso kwa amayi ambiri kuno kunyanja. N'zomwenso timaimbira mkwatibwi tsiku la ukwati, n'zomwenso alangizi amanena: banja ndi kupirira, mwamuna ndi kabudula amathera moyenda. Koma chomwe chimandiwawa n'chakuti agogo anga aakazi sindidawapezemo m'buku lililonse.

Agogo anga adakwatiwa chikamwini. Agogo aamuna ndiwo adachoka kwawo n'kudzamanga pamudzi pathu. Dimba la mpunga lidali la agogo aakazi, munda wa chinangwa chomwe tinkadyera kondowole udalinso wawo, ndipo ana adali a mbumba yawo. Ankawalemekeza amuna awo, ankagwada powapatsa madzi, koma pakavuta ankaitanitsa ankhoswe okha n'kuyankhula mosapsatira mawu mpaka nkhani ithe. Banja lawo lidatha ndi imfa basi. Ndiponso tikamaphunzitsa mbiri ya Achewa timatchula Nyangu, mayi wa a Kalonga, ndi Makewana wa ku Msinja amene anthu ankadalira pa nkhani ya mvula. Nanga mkazi wopanda pakamwa uja tidamutenga kuti? Ngakhale malamulo adasuntha. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lidabwera mu 2006, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma mtsikana wa zaka 16 akatsegula buku amapezabe kuti mphotho ya mkazi ndi kutamandidwa pamaliro ake kuti adali wofatsa.

Ndiye ndidagula kope n'kuyamba kulemba. Ndidalemba za mkazi wa msodzi amene amakonda mwamuna wake, koma tsiku lina akumuuza kuti, "Ndalama za nsomba tiziwerengera limodzi, poti amene ndimayanika pathandala ndine." Mwamunayo akukwiya, nkhani ikupita kwa ankhoswe, ndipo mkaziyo sakupenga, sakufa, sakuthamangitsidwa. Akungomvedwa. Ndidawawerengera ana a kalabu ya zolembalemba, iwo adaikonda n'kuisandutsa sewero, ndipo adalichita pa tsiku lotsekera sukulu pamaso pa makolo.

Apa m'pomwe padagona tsoka langa. M'gulu la makolowo mudali alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba. Dzuwa lisanalowe nkhani idali itafika kale kuchimuna kuti ndavula mchimwene wawo pagulu.

Azakhali, pano ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. Nkhaniyo ndi yopeka, koma mawu aja owerengera limodzi ndalama ndidawayankhuladi m'nyumba mwathu zaka zinayi zapitazo, pomwe tidasemphana pa ndalama za malata. Tidakambirana, zidatha bwino, ndipo kuchokera pamenepo timapangira limodzi bajeti. Ine polemba ndinkaona ngati ndikuwatamanda, chifukwa mwamuna wa m'nkhanimo pamapeto akumvetsa. Koma sindidawapemphe, sindidawawerengere n'komwe. Iwo adazimvera kwa anzawo kudoko, ena akuwaseka kuti adadyetsedwa, kuti chikwama chimasungidwa ndi madamu. Atabwera kunyumba sadakalipe. Adangoti, "Mayi a ana, zakumphasa zija mwazipititsa pa siteji?" Mawu amenewo akundipwetekabe kuposa kukalipa.

Ankhoswe adakumana Loweruka lapitali. Atsibweni anga adati ndipepese, ndipo ndidapepesa ndi mtima wonse. Koma akuchimuna akuti kupepesa kwenikweni n'kwakuti nditenthe kopelo ndipo ndisadzalembenso za mabanja. Mayi anga ondibereka akugwirizana nazo. Akuti, "Mwanawe, pepala silifunda. Udzagona ndi kope?" Bambo a kunyumba sadanene kuti nditenthe, sadanenenso kuti ndisatenthe. Angoti duu, ndipo nsima akungoidya pang'ono n'kusamba m'manja.

M'kopemo muli nkhani zina zisanu. Ina ndi ya mayi wosabereka amene mwamuna wake akuvomera kupita naye limodzi kuchipatala. Ina ndi ya mayi wopeza amene akulera bwino ana a mnzake, poti oterewa ndikuwadziwa ambiri ndipo palibe amawalemba. Ndinkalakalaka nditadzazitumiza ku mpikisano wa bungwe la olemba la MAWU kapena kunyuzipepala ngati yanuyi. Ndikaganiza zoziponya pamoto ndimamva ngati ndikukwirira agogo anga kachiwiri. Komanso ndikaona mwamuna amene wandisunga zaka 12 akuyenda chozolika pakati pa anzake chifukwa cha ine, ndimadzifunsa ngati nkhani za papepala zili zoyenera mtengo wotere.

Chinanso, teremu ikubwerayi ndikakumananso ndi mtsikana uja. Adaona sewero, wamvanso zomwe zachitika, poti kuno nkhani siigona. Ndikasiya kulemba, ndiye kuti ndamuyankha funso lake lija popanda kutsegula pakamwa, ndipo yankho lake ndi lomwe lija la m'mabuku.

Ndithandizeni, Azakhali. Ndingawafike bwanji bambo a kunyumba kuti amvetse kuti sindidafune kuwachotsa ulemu, pomwe iwo safuna n'komwe kuti nkhaniyi itchulidwe? Kodi ndiwapatse kopelo awerenge okha nkhani zonse, kapena kutero n'kuthira mchere pachilonda? Nanga munthu wapabanja angalembe bwanji zoona za banja osaulula za m'nyumba mwake, poti chomwe ndikuchidziwa bwino n'chomwe ndakhalamo? Ndipo ngati akuchimuna aumirira za moto zija, ndimvere kuti mtendere ubwerere, kapena ndipemphe ankhoswe akhalenso pansi?

Akuchimuna andipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno. Kopelo ndalisungitsa kaye kwa mphunzitsi mnzanga.

Ine wothedwa nzeru,
Mayi mphunzitsi,
Nkhotakota.