Chilengezo: Mkumano wa maphunziro a ntchito zamanja

Achinyamata onse a m'gulu lathu amene mudalemba mayeso a MSCE,

Loweruka likubwerali tikumana pamalo pathu pa nthawi zonse, pafupi ndi msika wa pa Boma, kuyambira 9 koloko m'mawa. Nkhani yake ndi ya maphunziro a ntchito zamanja: ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi, umakaniki, utelala ndi kumanga nyumba.

Kudzabwera mmisiri wa zamagetsi amene adaphunzira ku Nasawa Technical College ku Zomba. Adzatifotokozera momwe munthu amapemphera malo kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, komanso momwe maphunzirowo amayendera, poti miyezi ina umakhala m'kalasi, ina kuntchito kwenikweni. Okonda za panyanja, sukulu ya zausodzi ili konkuno ku Mangochi, ku Mpwepwe, tidzaikambanso. Atsikana, musati kuwotcherera n'kwa anyamata okha ayi. Amene mayeso sadakuyendereni bwino, bweraninso, pali njira yophunzirira kwa amisiri.

Mubweretse:
- chiphaso cha unzika
- fotokope ya zotsatira za MSCE
- kope ndi cholembera
- K1,000 ya madzi ndi thiransipoti ya mlendo wathu

Yankhani pompano pofika Lachinayi madzulo kuti tidziwe mipando yobwereka.