Kwa mnzanga wa ku Joni: za madandaulo okhudza ma admin

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg. Kuno ku Kasungu tadzuka, anthu maso ali ku Chinkhoma kudikira mitengo ya fodya.

Mwafunsa za gulu la WhatsApp la anthu akwathu, poti ena akuti ma admin akuwafufutira mauthenga ndi kuwachotsa mokondera. Chachikulu ndi ichi: admin amene akudandaulidwa asaweruze nawo nkhani yake. Sankhani anthu atatu olandira madandaulo, awiri mwa iwo asakhale ma admin, ndipo pakhale mayi mmodzi, chifukwa pali nkhani zina zimene amayi sangauze bambo. Awiri okha ayi, akasiyana maganizo nkhani imaima. Aliyense asunge manambala awo, paja munthu akachotsedwa sangalembenso m'gulumo.

Dandaulo lipite kwa atatuwo mwamseri. Gulu limodzi limatha kufika anthu 1,024, ndipo mukalola nkhani kukambidwa poyera aliyense amaikira kumbuyo m'bale wake. Pofika madzulo uthenga uja waiwalika, anthu akunyozana za midzi.

Pamene nkhani zambiri zimafera ndi pa umboni. Admin amatha kufufuta uthenga wa munthu wina pasanathe pafupifupi masiku awiri, ndipo akatero umachoka pa mafoni a onse. Chotsala ndi chizindikiro chakuti wafufuta ndi uje, mawuwo palibe. Ndiye ikani lamulo loti admin ajambule uthengawo asanaufufute, dzina la wolemba ndi nthawi zioneke, atumize kwa atatu aja. Uthenga wa mawu autumize wonse, komanso ajambule pamene unali, chifukwa ukatumizidwa kwina suonetsa amene anaulankhula poyamba. Admin wofufuta popanda umboni ndimamuona wolakwa ngakhale uthengawo unalidi woipa, poti wasiya oweruza alibe pogwira.

Wodandaula ayankhidwe tsiku lomwelo kuti nkhani yafika. Admin apatsidwe masiku atatu oti afotokoze mbali yake, chifukwa wa ku Chulu kapena ku Chamama akhoza kukhala opanda bandulo kapena foni yathera moto. Chigamulo chisapitirire sabata, ndipo nthawi yonseyi admin ameneyo asakhudze uthenga uliwonse wa wodandaulayo.

Admin akapezeka wolakwa, abwezere munthuyo m'gulu ndi kupepesa. Akabwereza, apume pa udindo mwezi umodzi, kachitatu achotsedwe. Koma samalani: amene anatsegula gulu sangachotsedwe ndi ma admin anzake. Mugwirizane naye lero, kusanaipe, kuti naye azimvera atatuwo. Akadzakana, njira ndi kutsegula gulu lina basi.

Musaiwale kuti ma admin salipidwa, bandulo amagula okha, ndipo ndi amene amalandira mwano usiku. Mukamawakalipira pagulu adzasiya, gulu lidzadzaza ndi malonda abodza a feteleza. Nthawi zambiri sanalakwe dala, koma palibe chimene chinalembedwa, wina akulola mitengo ya soya ndi mtedza, wina akufufuta kuti ndi malonda. Lembani malamulo ochepa, onena ngati ndale ndi malonda zikuloledwa komanso masiku ake, muwaike pofotokozera za gulu. Polengeza chigamulo, tchulani lamulo limene laswedwa, dzina la wodandaula libisike ngati iye sakufuna.

Ndalama za chipepeso cha maliro zisadzere kwa admin. Pakhale msungichuma wapadera, aziika pagulu mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Nkhani ya kuba, kuopseza kapena kufalitsa zithunzi zolaula za munthu musaigwire nokha, ipite ku polisi. Kuno ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti.

Mukalemba malamulowo munditumizire ndiwaone musanawaike. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Kasungu