Mtengo waukulu wa pakhomo usadulidwe mwachisawawa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa chizolowezi chimene chafala kuno ku Mangochi chogwetsa tokha mitengo ikuluikulu yoyandikana ndi nyumba, makamaka dzinja likayandikira, pamene aliyense amaopa kuti mphepo imugwetsera nthambi padenga.

Chaka chatha ine ndi alamu anga tinaganiza zochotsa mango amene malemu agogo anabzala kuseri kwa khitchini. Bambo wina wozolowera ntchitoyi atatitchulira ndalama zake tinaona ngati akutidyera masuku pamutu, ndipo tinatenga nkhwangwa ndi chingwe n'kuyamba tokha. Tinatema mbali yoyang'ana kumunda poganiza kuti ugwera komweko, osadziwa kuti chiswe chinali chitadya mkati monse. Tsinde linangolira kamodzi n'kupotoka, ndipo nthambi yaikulu inaphwanya malata 7 ndi kugwera pamphasa pomwe mwana wanga anali atangochokapo kumene akusenda chinangwa.

Tsiku lotsatira tinaitana bambo aja, manyazi ali tho, kuti adzamalize chimene chinatsala chitakolekera padenga. Ndinaona kuti iwo sathamangira kutema. Amayamba agogoda tsinde kuti amve ngati lili ndi mphako, amayang'ana mbali imene nthambi zalemera, amafufuza ngati muli njuchi, kenako amakwera n'kumasadza nthambi imodziimodzi akuitsitsa ndi chingwe, kotero kuti pofika patsinde pamakhala patatsala chipika chosavuta kuchilamulira. Anandiuzanso kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba kunyanja, mtengo wautali ngati bulugamu saukhudza n'komwe mpaka kutachita bata.

Zoopsa kwambiri zili pa mitengo yokhudzana ndi mawaya a magetsi, chifukwa nthambi yaiwisi imadutsitsa magetsi mpaka kwa amene waigwira. Pamenepo ngakhale katswiri ayenera kuyamba wadziwitsa a ESCOM kuti azimitse. Tisaiwalenso kuti mitengo yachilengedwe monga mbawa ndi mlombwa imatetezedwa ndi lamulo la zankhalango la 1997, choncho n'kofunika kufunsa kaye ku ofesi ya zankhalango.

Komabe si aliyense woyenda ndi makina odulira mitengo amene ntchitoyi amaidziwa, pakuti ambiri anazolowera kucheka matabwa kutchire kopanda nyumba. Ndikupempha khonsolo yathu kuti ilembe m'kaundula anthu odziwadi ntchitoyi, kuti wofuna thandizo azidziwa kokagogoda.

Wowerenga wanu,
Mpondasi, Mangochi