Abwana a galaja ina pa Ntcheu, magiya akutsogolo ndinalipira aja ali kuti?

Ndalemba poyera chifukwa foni simukuyankha, pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala chete, ndafika kawiri pa galaja panupo anyamata anu akungoti abwana atuluka kaye ngati ndabwera kudzapempha ngongole. Dzina la galaja sinditchula lero, inuyo mukudzidziwa ndipo tsamba lino mumaliwerenga.

Zomwe tinagwirizana mukuzikumbukira. Hilux yanga ndimanyamulira mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano kudzatsitsa pa Lizulu, ndipo nthawi yadzinja njira zolowa kuminda kumene kuja aliyense amazidziwa, galimoto imakhala pamimba matayala akungozungulira. Ndiye ndinachotsa matayala a 31 inchi n'kugula a 33. Ine si makaniko koma ndikudziwa kuti tayala likakula limalemetsa zonse, ma CV joint (mfundo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo), mabeyaringi, mashafti, komanso galimoto imafooka pachitunda chifukwa magiya a mu difu (bokosi logawa mphamvu ku matayala akumanja ndi kumanzere) anawerengera tayala laling'ono. N'chifukwa chake ndinabwera kwa inu osapita kwa anyamata a pansi pa mtengo. Munanena ndi pakamwa panu kuti mulimbitsa ekiselo yakumbuyo powotcherera chitsulo pamwamba pake, musintha mabeyaringi ndi ma seal, ndipo magiya a difu muchotsa 4.10 muika 4.56 (manambala osonyeza kuti shafti izungulira kangati kuti tayala lizungulire kamodzi) kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Ndalama ndinapereka zonse, theka pa Airtel Money theka pamanja, mauthenga ndasunga.

Galimoto inakhala kwanu milungu itatu m'malo mwa masiku asanu munanena aja, koma zimenezo ndinazisiya.

Pa tala ya M1 inkayenda bwinobwino kungoti kumbuyo kunkalira pang'ono, ndinati mwina magiya atsopano akuzolowerana. Ulendo wachitatu ndikuchokera kuminda nditasenza, mvula yagwa, ndaika 4x4, pamatope palibe chimene ndinamva chifukwa matayala ankaterereka, koma nditangofika pouma pamiyala galimoto inayamba kudumphadumpha ngati ng'ombe ziwiri zosamvana pagoli, ina ikukoka ina ikukana, kenako pansi pangomveka khoo! Basi kuima. CV joint yakumanzere yathyoka. Ndinagona m'galimoto momwemo kulondera matumba a eni ake, kuzizira kwa ku Tsangano inu mukukudziwa, ndipo kubwereka lole yodzasamutsa katundu m'mawa mwake ndinalipira ndekha.

Ndinaikokera kwa makaniko wina ku Dedza, mdala wosalankhulalankhula, anatsegula ma difu onse awiri n'kuwerenga mano ine ndili pompo. Kumbuyo giya lalikulu mano 41 laling'ono 9, mukagawa ndiye 4.56 imeneyo. Kutsogolo 41 ndi 10, magiya akale omwewo 4.10, ngakhale mabawuti ake sanakhudzidwe ndi sipana, dothi lake lakalekale lili pomwepo. Ndiye abwana, munaganiza kuti chichitika n'chiyani ndikaika 4x4 matayala akutsogolo akuthamanga kuposa akumbuyo? Ngakhale mwana wophunzira ntchito amadziwa kuti magiya awiriwa ayenera kufanana, apo ayi china chake chithyoka, mwayi wanga ndi woti sinaphwanyike transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo.

Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi kuwotcherera kuja. Mdala uja anaika chitsulo chowongoka n'kundionetsa ndi maso anga kuti ekiselo yapindika. Akuti ntchito imeneyi umawotcherera pang'onopang'ono, uku kachidutswa uku kachidutswa, kudikira izizire, osati kungoyendetsa moto mbali imodzi kuyambira uko mpaka uko ngati ukupanga geti kapena mbaula. Chitsulo chikatentha mbali imodzi chimakoka. Ndiye kulira ndinkamva kuja inali beyaringi ikudyeka, seal yayamba kudontha, oyilo wa difu walowa mpaka mu mabuleki akumbuyo, ndipo tayala latsopano lakumanja layamba kale kudyeka mbali imodzi. Tangoganizani ndikanakhala ndikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi mabuleki a oyilo amenewo, bwenzi pano mukuwerenga uthenga wamaliro.

Ndinabwera ndi ekiselo yowongoka yongofuna kulimbitsa, mwandibwezera yokhota. Kulakwitsa powotcherera ndikhoza kumva, munthu amalakwa, koma kulandira ndalama ya magiya osawaika kumeneko si kulakwitsa ayi.

Ndikufuna ndalama ya magiya akutsogolo, ekiselo ina yowongoka, ndi mtengo wa CV joint. Galimoto kwanu sibweranso, ntchito amaliza mdala wa ku Dedza inu mungolipira. Ndikudikira mpaka Lachisanu madzulo, likadutsa ndikukapereka nkhaniyi ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, pamodzi ndi zithunzi za mano aja ndi mauthenga a ndalama, ndipo dzina la galaja ndidzalilemba pompano. Nambala yanga muli nayo.