Za ziro zatikulira, tiyambe kaye tawerenga majumbo

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yanu ndinene zanga pa nkhani ya zinyalala, poti masiku ano aliyense akulalikira zoti tisamataye kanthu koma palibe amene akunena poyambira. Ine ndimakhala ku Ndirande, nyumba ya lendi, pa puloti pathu tilipo mabanja 6, bafa imodzi, chimbudzi chimodzi, dzala limodzi lomwe linadzadza kalekale moti pano ndi kaphiri basi, nkhuku za aneba ndi zomwe zimasalaza.

Anayambitsa ndi mwana wanga wamkazi, wa Fomu 3. Tsiku lina akundionetsa pa foni mayi wina wa ku America atanyamula kabotolo kagalasi, ati zinyalala za banja lake lonse za chaka chathunthu zakwana mmenemo, mchitidwewu ati ndi zero waste, kutanthauza kusataya kanthu. Ine ndinaseka kaye, nkuti mwana wanga awa amaphikira chani, saphika nyemba awa? Koma usiku ndili chigonere zinandigwira mtima ndithu, chifukwa mmawa uliwonse ndimawoloka Nasolo ndipo aliyense wodziwa mtsinje umenewu akudziwa zomwe ndikunena, madzi sawoneka, ndi majumbo, mabotolo, mapaketi a Chibuku ndi mapampasi okhaokha. Nde pa 1 January ndinalengeza pakhomo ngati nduna kuti kuyambira lero pulasitiki muno ayi.

Zinatha masiku 9. Ndinene chilungamo, masiku 9 okha ndipo anali a nkhondo. Ife sitigula zinthu za mwezi wathunthu ku shopu yaikulu, timagula za lero lero, mafuta a m'kachubu, shuga wa kapepala, mchere kapepala, bonya kapepala, sopo waufa kapepala, ngakhale ufa ukatha pakati pa mwezi ndi wokumani, nayenso ali m'jumbo. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinabwerako ku msika ndi tomato yekha poti china chilichonse chinali chokulungidwa, abambo akunyumba anangondiyang'ana nkuti, "Mayi, kodi chilengedwecho ndi chomwe tidyere nsima lero?" Ndinasiya pompo, ndipo miyezi iwiri yotsatira ndinkataya kuposa kale, ngati munthu woti wamasula kusala kudya.

Apa ndi pomwe pali nkhani yanga a Mkonzi. Cholinga chikakula kwambiri munthu ukalephera kamodzi umangoti basi zalephereka, nkutaya zonse. Olalikira za ukhondowa amatiyambitsira kumapeto, pa ziro, chikhalirecho munthu sukudziwa nkomwe kuti pakhomo pako pamatuluka zinyalala zochuluka bwanji komanso zamtundu wanji.

Ulendo wachiwiri sindinaletse chilichonse. Ndinangotenga saka lakale la ufa nkulipachika kuseri kwa chitseko, nkuuza ana kuti jumbo iliyonse yolowa muno, yaikulu kaya kakang'ono, iziponyedwa umu, osasintha kagulidwe, osabisa. Lamlungu titabwera ku tchalitchi tinakhuthula pa mkeka nkuwerenga. Majumbo 52, sabata imodzi, nyumba ya anthu asanu. Mwana uja anachita kubwereza kuwerenga poganiza kuti talakwitsa. Ndipo chomwe chinandidabwitsa sichinali kuchulukako ayi, koma kuti oposa theka anachokera pa zinthu zinayi zokha: tomato, masamba, mafuta ndi makala. Nde pulani inali yoti mwezi umenewo tilimbane ndi zinayi zimenezi basi, shuga ndi sopo tiwasiye kaye momwemo, ndipo cholinga chikhale kufika pa 25 osati pa ziro.

Dengu ndinali nalo kale, linkangosungira zovala zakutha. Tomato ndi anyezi mu dengu, masamba ndimamanga pa kansalu kakale ka chitenje monga ankachitira amayi anga, makala ndimapita ndi chidebe chobooka chija, mafuta ndi botolo langa lotsuka bwino amandithirira momwemo. Tsiku loyamba mayi amene ndimawagula tomato atatambasula kajumbo ine nkukana, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkuti, "Asisi, mwalowa mpingo wanji woletsa majumbo?" Pano anazolowera, akangondiona amati wadengu uja wabwera, ndipo basera amandiikira wamkulupo poti majumbowo nawonso amachita kugula. Vuto lenileni ndi kuiwala. Ukuchokera ku tauni, watsika minibasi, waona usipa wabwino, dengu lili kunyumba. Nde ndinasoka kathumba kansalu kopindika kamene kamakhala m'chikwama nthawi zonse, telala wa pa khonde anandisokera ndi zidutswa zotsala, ndipo kathumba kameneka kagwira ntchito kuposa malamulo anga onse a January aja.

Paja timajumbo topyapyalati ndi toletsedwa kale m'dziko muno, ambiri timaiwala. Boma linaletsa mapulasitiki amene kuchindikala kwake sikufika mamaikiloni 60 mu 2015, makampani opanga anathamangira ku khoti, nkhani inakokakoka mpaka Supreme Court inagamula mu July 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, ndipo mayi Gloria Majiga-Kamoto amene anamenya nawo nkhondoyi ataona mbuzi zikufa ndi kudya mapulasitiki analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021. Koma pitani mu msika wa Limbe kaya wa Ndirande lero lino muone ngati mungasowe kajumbo kopyapyala. Ku Rwanda analetsa mu 2008 ndipo zinagwira, kwathu kuno lamulo lili pa pepala, jumbo ili m'manja. Ine sindingatseke fakitale, zimenezo ndi za a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndi makhoti, mbali yanga ndi dengu.

Titafika pa 25 paja ndi pomwe ndinayang'ana zina zotsala mu ndowa ya zinyalala, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe pali phindu looneka ndi maso. Zolemera zambiri zomwe timataya si pulasitiki ayi. Ndi makoko a mbatata, a nthochi, mapesi a masamba, zikamba za mazira, masamba a tiyi, phulusa la pa mbaula, zinyatsi zosesa pabwalo. Zonsezi ndi manyowa, koma timazisakaniza ndi majumbo ndi mapampasi nkukhala uve wonunkha woti palibe angaugwire. Cholinga chachiwiri chinali chimenecho, ndowa ziwiri, ya zowola ndi ya zosawola. Zophweka kunena.

Poyamba ndinalakwitsa zedi. Ndinkathira chilichonse m'chigubu chodula pakamwa, nsima yotsala, minga ya nsomba, msuzi, nkuvindikira. Pasanathe masabata awiri fungo lake a Mkonzi, ntchentche, mphutsi, makoswe ngati ana a mphaka, mpaka alandilodi anabwera okha nkuti, "Mayi, ngati mukufuna zaulimi kwanu kuli minda, pano ndi pa tauni." Manyazi anandigwira. Anandithandiza ndi agogo ena apuloti yoyandikana nayo amene amalima masamba kuseri kwa nyumba, anati mwana wanga manyowa safuna zophika, safuna nyama kapena mafuta, ndipo akufuna mpweya. Tinaboola chigubu chija mmbali ndi pansi ndi msomali wamoto, pansi nkuyala udzu wouma, ndiye ukathira makoko pamwamba pake uwaze masamba ouma kapena utuchi, kaphulusa pang'ono, kadothi, sabata ikatha utembenuze ndi ndodo. Zikanyowa kwambiri onjezera zouma, zikauma kwambiri wazako madzi otsukira mpunga. Fungo linatha, ndipo patapita miyezi iwiri ndi kanthu zinasanduka dothi lakuda labwino ngati la kudimba. Pano ndili ndi masaka asanu a mpiru ndi repu m'mbali mwa khoma, ndipo alandilodi omwe aja amatuma mwana kudzapempha ndiwo, ine sindinena kanthu, ndimangothyola.

Phulusa lina ndimasungira achimwene anga amene amalima chimanga ku Chiradzulu, iwo amapanga manyowa a Mbeya, kusakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi fetereza pang'ono, kuwaza madzi nkumanga m'thumba masiku 21. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 thumba la fetereza si la munthu wamba, nde phulusa lomwe ndinkataya mu ngalande pano limakwera minibasi.

Nsima yotsala nayo inapeza kolowera, mkute. Kaya tinayamba liti kuchita nawo manyazi mkute, ife tinakulira womwewo ndi tiyi mmawa, koma ana a masiku ano ati ndi za kumudzi. Ndinangochepetsa ufa pophika ndipo yotsalayo imadyedwa mmawa kapena ipite kwa aneba a nkhuku. Mukaganiza bwino zambiri zomwe azungu akuzitcha dzina latsopanozi ife tinkachita kale chifukwa cha umphawi: koloboyi wa chitini, mpira wachikulunga, nsapato za matayala, botolo la Fanta lobweza ku golosale, zovala za mkulu kusiyira mng'ono, ndipo kuno ku Ndirande amisiri okhoma zidebe amasandutsa malata akutha kukhala mbaula tsiku ndi tsiku. Kungoti tikapeza kandalama timaona ngati kutaya ndiye chizungu. Chimodzi chokha ndichenjeze pa zobwezerezazi, mabotolo a thobwa. Botolo lotola mu ngalande nkungolitsukuluza ndi madzi ozizira si kusamala chilengedwe kumeneko, tonse tikukumbuka kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu January 2023. Botolo likhale lako lodziwika kochokera, litsukidwe ndi sopo ndi madzi otentha.

Chachitatu ndiye ndikugwa nacho ndikudzuka, kuyatsira mbaula ndi jumbo. Amayi tonse timadziwa kuti makala onyowa sagwira msanga ndipo kajumbo kamodzi kamathetsa nkhani, koma utsi wakewo wakuda uja timapuma ndi ife ndi mwana ali kumbuyo. Ndimasunga zitsononkho, timitengo ndi makatoni, nyengo yadzuwa zimayenda, koma mvula ikagwa masiku atatu motsatizana ndimapezeka ndayatsira jumbo ndithu, ndisaname. Kusiyana kwake nkoti pano ndikalakwitsa sinditaya pulani yonse ngati January uja, mawa lake ndimayambiranso.

Zomwe zandikanika nazo ndinene. Mapampasi a mwana wamng'ono. Ndinayesa matewera ansalu, masana zimatheka, koma madzi akasiya kutuluka pa mpopi masiku awiri uchapa ndi chani? Nde tinagwirizana kuti masana thewera, usiku ndi pa ulendo pampasi, paketi yomwe inkatha sabata imodzi pano imafika masabata awiri ndi theka. Si ziro koma ndi ndalama yooneka. Mabatire akutha, mababu, mabotolo a mankhwala, izi ndangoziunjika m'chitini poti kozipititsa kulibe. Ndipo pamenepa olalikira aja achepetseko kutiloza chala ife amayi. Galimoto yotola zinyalala kwathu kuno sinayambe yafikako, misewu yake yomwe ndi yoti olo kabaza amadandaula, ndipo zomwe zimatoledwa m'madera ena zimakathera kotayira zinyalala ku Mzedi zonse pamodzi, zowola ndi zosawola. Tsiku losesa dziko lonse lija linakhazikitsidwa mu November 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ife tinasesapo kangapo nkuunjika milu m'mbali mwa msewu, milu ija inakhala pompo mpaka mvula inaibwezera mu ngalande momwe tinaichotsa. Pa namondwe wa Freddy mu March 2023 sindikunena kuti majumbo ndi amene anagumula phiri la Soche ayi, koma kwathu kuno madzi analowa m'nyumba zambiri chifukwa makalavati anali otsekeka ndi zinyalala, ine ndinachita kuvuula ndi manja angawa.

Pempho langa kwa inu a nyuzi, mukamalemba za ukhondo musamangojambula akuluakulu atavala magolovesi atagwira tsache latsopano. Tifunseni ife, mulembe kuti banja la ku Bangwe latsika kuchoka pakuti kufika pakuti, gulu la banki mkhonde la ku Chilomoni lagwirizana zopita ku msika ndi madengu, zinthu zoti wowerenga anganene kuti izi nanenso mawa ndiyesa. Ndipo mipingo ndi masukulu, m'malo mouza ana kuti tisamale chilengedwe, mawu oti mwana sadziwa kuti awagwire pati, apatseni homuweki yowerenga majumbo a kunyumba kwawo sabata imodzi.

Mwezi uno cholinga ndi cha puloti yonse, saka limodzi la mabotolo apulasitiki ndi lina la zitini ndi zitsulo, poti ogula zitsulo amadutsa okha ndi sikelo yawo. Mwa mabanja asanu enawo awiri avomera, awiri akuti aona kaye, limodzi ndiye linandifunsa ngati pali bungwe lomwe likundilipira. Kwathu saka la kuseri kwa chitseko lija likadalipo, Lamlungu lapitali tinapeza majumbo 11, ndipo anayi mwa amenewo anabwera ndi abambo akunyumba, a tchipisi cha pa chiwaya, ati dengu iwo sanganyamule.

Mayi wadengu,
Ndirande, Blantyre